Metikali ikagwa, apindula ndani?

Nthawi zonse metikali ikayamba kucepa mphamvu, pa wailesi pamamveka anthu ophunzira za cuma akutitonthoza. Amati tisadandaule, cifukwa ndalama ikafooka katundu wa dziko amachipa kwa ogula akunja, ndipo dziko limagulitsa zambiri kuposa kale. Amati mlimi wa fodya, wa thonje ndi wa citowe ndiye adzasangalale. M'mau amenewa muli coonadi pang'ono, ndipo ndicionetsa. Koma maganizo anga ndi akuti kwa dziko ngati lathu la Mozambiki, kugwa kwa ndalama pakokha sikunatithandizepo kupikisana ndi maiko ena pa malonda. Cimene kumacita ndi kudula malipiro a wanchito ndi phindu la mlimi popanda wina kuwafunsa.

Ndalama nayo ili ndi mtengo

Tiyambe ndi kumvetsa cimene cimacitika. Ndalama ili ndi mtengo wake, monga mbuzi kapena thumba la nyemba. Kampani ikafuna kuitanitsa mafuta a galimoto kucokera kunja, wogulitsa kumeneko salandira metikali. Amafuna dola ya ku Amerika. Conco kampaniyo imapita ku banki kukagula madola ndi metikali zake. Madola amalowa m'dziko tikagulitsa katundu kunja, tikalandira cithandizo kapena ngongole, ndiponso alendo akabwera kudzatsegula nchito. Amatuluka tikamagula zinthu za kunja ndi pobweza ngongole. Ofuna madola akaculuka pamene madolawo ndi ocepa, mtengo wake umakwera, monga mmene cimanga cimakwerera mu Febuluwale nkhokwe zitatha. Pamenepo ndi pamene timati metikali yagwa.

Tsopano tione masamu a anthu amene amati kugwako ndi kwabwino. Kumapeto kwa caka ca 2015 dola imodzi inkagulidwa ndi metikali pafupifupi 45. Pofika mu Okutobala 2016 inali itapitirira 75. Tiyerekeze kuti pano pali katundu amene mwini wake akufuna metikali 900. Dola ili pa 45, mlendo adzalipira madola 20. Dola ili pa 75, adzalipira madola 12 okha. Katundu wathu wamuchipira, ndipo akhoza kusiya wa dziko lina nkudzagula wathu. Tiyerekezenso thumba la citowe limene kunja limagulidwa madola 50. Poyamba linkabweretsa metikali 2250, tsopano libweretsa 3750. Masamu amenewa ndi oona, ndipo palibe angawatsutse.

Koma masamuwo sanathe. Mlimi yemweyo afunika feteleza, amene ena timati adubu, ndipo feteleza amacokera kunja. Ngati thumba lake ndi madola 30, mtengo wake wacoka pa metikali 1350 kufika pa 2250. Lole imene idzanyamule citowe imayendera mafuta a kunja, matayala a kunja ndi zitsulo za kunja, ndiye mwini lole nayenso akweza. Sopo, mafuta ophikira, malata, njinga, mabatire a wailesi ndi mankhwala a ku cipatala, zonse zikwera pamodzi. Wanchito amene amalandira metikali 9000 pa mwezi anali ndi madola 200, tsopano ali ndi 120, ngakhale kuti palibe anamuuza kuti malipiro ake adulidwa. Pakatha miyezi ingapo mitengo ya m'dziko imakhala itakwera kutsatira dola, ndipo kuchipa kuja kumene kunakopa mlendo kumakhala kutatha. Akuluakulu anati walira mvula walira matope.

Zimene dziko lathu laona kale

Nkhani imeneyi si yacilendo kwa ife. Metikali inayamba kugwira nchito pa 16 Juni 1980, kulowa m'malo mwa escudo ya atsamunda. Mpaka mu 1986 boma linkaisunga pa metikali pafupifupi 40 pa dola. Mu Januwale 1987 linayamba ndondomeko yokonzanso cuma yochedwa PRE, mogwirizana ndi IMF ndi Banki ya Dziko Lonse. Dola inacoka pa 40 kufika pa 200, ndipo caka comweco inafika pa 400. Inapitirizabe kukwera, kufikira mu 2006 pamene inali pafupifupi metikali 25 000. Pa 1 Julaye 2006 boma linatulutsa ndalama yatsopano ndi kucotsa maziro atatu. Ndiye cifukwa cake mpaka lero akuluakulu ena akamawerenga ndalama amachulabe makontu.

Kuyambira pakati pa 2021 mpaka 2025 dola inakhala pafupifupi pa metikali 64. Tikawerenga mwa ndalama yakale, imeneyo ndi 64 000. Kucoka pa 40 kufika pa 64 000, ndiye kuti dola yakwera ka 1600. Kukanakhala kuti kugwa kwa ndalama ndiko kumapatsa dziko mphamvu pa malonda, bwenzi katundu wa ku Mozambiki atadzaza misika ya dziko lonse lapansi. Koma m'masitolo athu mukadali mpunga wa ku Asia, buledi wathu akupangidwabe ndi tirigu wa kunja, ndipo kapulana zambiri zimene amai athu amavala zimacokera ku India ndi ku China, ngakhale kuti thonje timalima tokha. Fakitale yaikulu ya nsalu ya Textáfrica ku Chimoio inaleka nchito zaka zambiri zapitazo.

Nkhani ya kaju ikuphunzitsa cimodzimodzi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 dziko lathu linali patsogolo pa maiko onse pokolola kaju, ndipo tinali ndi mafakitale oswa ndi kukonza mbeuyo. M'zaka za m'ma 1990, potsatira uphungu wa Banki ya Dziko Lonse, msonkho wa kaju wosaswa wopita kunja unatsitsidwa. Kaju anayamba kupita ku India wosakonza, mafakitale ambiri anatsekedwa, ndipo anthu zikwizikwi anataya nchito. Zonsezi zinacitika m'zaka zomwezo zimene metikali inkagwa caka ciliconse. Kufooka kwa ndalama sikunathe kupulumutsa mafakitale amene makina ake anali okalamba ndipo ngongole za ku banki zinali zodula.

Anthu a m'tauni anaonetsanso mmene kugwa kwa ndalama kumapwetekera. Mu 2010 metikali inafooka poyerekeza ndi randi ya ku South Africa, tirigu nayenso anakwera mtengo kunja, ndipo buledi anakwezedwa ndi 30 pa 100. Pa 1 ndi 2 Seputembala anthu a ku Maputo ndi ku Matola anatseka miseu, ndipo oposa khumi anafa. Patapita masiku ocepa boma linabweza mtengowo.

Caka ca 2016

Kugwa kwa mu 2016 kunali ndi cifukwa codziwika. Pofika mu Epulo caka cimeneco kunali kutaululika kuti boma linatsimikizira mobisa ngongole za makampani atatu, Ematum, ProIndicus ndi MAM, zokwana pafupifupi madola mabiliyoni awiri, osapempha cilolezo ca aphungu a Assembleia da República monga malamulo amafunira. IMF inaimitsa cithandizo, ndipo maiko amene ankathandiza pa bajeti ya boma anacitanso comweco. Madola anasowa, metikali inagwa, ndipo pofika kumapeto kwa caka mitengo ya zinthu inali itakwera kuposa 20 pa 100, ya cakudya kuposanso pamenepo. Mu Disembala 2022 khothi ku Maputo linapeza anthu 11 olakwa pa mlanduwo. Koma amene anayamba kulipira ngongole imeneyo ndi mai amene anapita ku msika napeza kuti ndalama ya mafuta ophikira a botolo ikungokwanira theka.

Kodi caka cimeneco alimi athu anagulitsa zambiri cifukwa ca kuchipa kwa metikali? Tione mbatata ya kacewere. Ku Angonia ndi ku Tsangano timalima mbatata yabwino, pamodzi ndi nyemba, kabici ndi tirigu. Msika waukulu wa Zimpeto ku Maputo umalandira mbatata, anyezi ndi tomato wambiri kucokera ku South Africa. Mu 2016 randi inakwera mtengo kwambiri, ndipo mwa masamu aja inali nthawi yoti mbatata yathu ilande msikawo. Koma kucoka ku Ulongwe kukafika ku Maputo ndi makilomita oposa 1500, pamene malire a South Africa ali pafupi ndi mzindawo, pa mseu wabwino. Caka comweco kunali cilala kumwera ndi pakati pa dziko, ndipo cifukwa ca kuomberana kwa asilikali a boma ndi a Renamo, magalimoto pa zigawo zina za mseu wa N1 ndi wa N7 ankayenda mu mzere woperekezedwa ndi asilikali. Mbatata siyembekeza masiku ambiri pa dzuwa. Anthu a ku Maputo anapitiriza kudya mbatata ya ku South Africa, kungoti pa mtengo wokwera.

Palinso cinthu cina cimene mlimi aliyense amacidziwa. Ndalama ikhoza kugwa m'sabata imodzi, koma munda sufulumira cotero. Mtengo ukakoma mu Okutobala, mlimi ayenera kupeza mbeu, kulima, kuyembekeza mvula ndi kukolola mu Meyi kapena Juni. Pofika nthawi imeneyo feteleza, matumba ndi mtengo wa lole zakwera kale. Ndipo ambiri a ife timagulitsa kwa wogula mmodzi amene wafika ndi sikelo pamudzi. Iye ndi amene amadziwa mtengo wa dola, ndipo phindu la kugwa kwa metikali limathera m'thumba mwake lisanafike kwa mwini munda.

Mtengo wa ndalama sulamulanso mtima wa wogula wakunja. Mu 2016 dziko la India linagwirizana ndi dziko lathu zogula nandolo, ndipo alimi ambiri anaonjezera minda. Mu 2017 India inakolola nandolo wambiri kwao ndi kuika malire pa wocokera kunja. Mtengo unagwa kuno, ku Malawi ndi ku Tanzania. Metikali inali yofooka ndithu, koma nandolo anakhala m'matumba.

Katundu wamkulu wa dziko

Wina anganene kuti mbatata ndi nandolo ndi zazing'ono, ndipo madola ambiri amacokera ku katundu wamkulu. Zimenezo ndi zoona. Fakitale ya aluminiyamu ya Mozal inayamba nchito mu 2000. Gasi wa ku Pande ndi Temane anayamba kupita ku South Africa mu 2004. Malasha a ku Moatize, m'cigawo cathu ca Tete, anayambanso kutumizidwa kunja mu 2011, ndipo amayenda pa njanji kupita ku madoko a Beira ndi Nacala. Damu la Cahora Bassa limagulitsa magetsi ku South Africa ndi ku Zimbabwe. Mu Novembala 2022 sitima yoyamba ya gasi wa m'nyanja ya ku Cabo Delgado inanyamuka.

Koma katundu ameneyu mtengo wake umaikidwa kunja, mwa ndalama za kunja. Wogula malasha ku India amalipira mtengo wa pa msika wa dziko lonse, kaya metikali ili pa 45 kapena pa 75. Sagula sitima imodzi yoonjezera cifukwa cakuti ndalama yathu yafooka. Makina okumbira malasha amagulidwa kunja ndi madola, ndipo ufa umene Mozal inayamba kusungunula unkabwera pa sitima kucokera ku Australia. Cimene cimatsika kwa makampani otere metikali ikagwa ndi cimodzi cokha, malipiro a anthu athu amene amawagwirira nchito.

Phunziro la kutsidya kwa malire

Ife a m'malire taona nkhaniyi mbali zonse ziwiri. Pa Kalomwe, pa Biriwiri ndi pa Zobwe anthu amagula ndi kugulitsa ndi metikali ndi kwacha yomwe, ndipo mabanja ambiri anakhalapo ku Malawi nthawi ya nkhondo, mtendere wa pa 4 Okutobala 1992 usanabwere. Mu Novembala 2023 dziko la Malawi linatsitsa ndalama yake, dola inacoka pa kwacha pafupifupi 1180 kufika pa 1700. Amene anagulitsa cimanga kapena nyemba kwa ogula a kutsidya nasunga kwacha m'nyumba anadzuka atataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thukuta lake. Katundu wa ku Malawi anaoneka wochipa kwa ife kwa kanthawi, kenaka mitengo yake inakwera. Ndipo m'caka cotsatira abale athu kumeneko anali akuimabe pa mizere yofuna mafuta a galimoto, madola akusowabe m'mabanki. Iwonso, monga ife, amagulitsa kunja mbeu zocepa zosakonza ndi kugula kunja feteleza, mafuta ndi mankhwala. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo.

Kumanga ndalama ndi cingwe sikuthandizanso

Sindikunena kuti boma lizigwira metikali ndi mphamvu pa mtengo wonama. Makolo athu amakumbukira zaka za PRE isanabwere. Pa pepala dola inali 40, koma pa kandonga inkagulidwa ndi ndalama zoposa pamenepo kutali. M'masitolo munalibe kanthu, ndipo mlimi sankafuna kugulitsa cimanga cake ndi ndalama imene sakanagulira ngakhale mcere. Ankafuna kusinthana ndi nsalu kapena sopo. Mu 2024 ndi 2025 nawonso amalonda a m'bungwe la CTA anadandaula kuti ngakhale dola inali pa 64, kuipeza ku banki kunali kovuta. Mtengo wa ndalama uyenera kunena zoona. Ngati dziko likugula zambiri kuposa zimene likugulitsa, ndalama idzagwa ndithu, tifune tisafune. Cimene ndikukana ndi kuti kugwako tizikuchula mankhwala. Kugwa kwa ndalama kuli ngati kutentha kwa thupi, kumene kumatiuza kuti mkati muli matenda.

Cimene cingatipatse mphamvu

Dziko limapambana pa malonda likamapanga katundu wabwino, woculuka, pa mtengo wocepa, ndi kumufikitsa kwa wogula pa nthawi yake. Mlimi wamba wa kwathu amakolola pafupifupi tani imodzi ya cimanga pa hekitala. Mlimi wa ku South Africa amakolola matani asanu kapena kuposa. Mwa alimi ang'onoang'ono 100 a m'dziko lathu, amene amathira feteleza safika khumi. Kusiyana kumeneku palibe mtengo wa dola umene ungakufafanize. Mlimi akakolola matani awiri pamene ankakolola imodzi, thumba lake lachipa, iye mwini osasauka. Kumeneko ndiko kuchipa kumene tiyenera kufuna.

Conco ndikupempha zinthu zooneka ndi maso. Coyamba ndi miseu ya kumidzi ndi milatho yake, kuti lole izifika ku Domwe, ku Tsangano ndi ku Makanga ngakhale m'dzinja, cifukwa mseu woipa umadya phindu la mlimi caka ciliconse. Caciwiri ndi mbeu yabwino, feteleza wofika nthawi yake, ndi alangizi a zaulimi amene amayendadi m'minda. Cacitatu ndi mosungira zokolola, kuti tisamagulitse cimanga mu Meyi pa mtengo wotsika ndi kudzacigulanso mu Januwale pa mtengo wowirikiza. Cacinai ndi kukonza mbeu zathu konkuno. Soya ndi mpendadzuwa zikhoza kufinyidwa mafuta m'cigawo mwathu, ndipo botolo lililonse lopangidwa kuno ndi dola imene sinatuluke m'dziko.

Alimi nawonso ali ndi mbali yao. Mlimi mmodzi wa matumba asanu alibe mau pamaso pa wogula, koma alimi 40 a matumba 200 akhoza kubwereka lole okha ndi kukambirana mtengo. Mtengo wa thonje umakambidwa caka ndi caka pakati pa boma, makampani ndi oimira alimi. Oimira alimiwo ayenera kupita kumeneko akudziwa mtengo wa dola ndi mtengo wa thonje kunja, kuti metikali ikagwa gawo la phindulo lifike kumudzi. Alimi a fodya amene amatenga feteleza pa ngongole ayenera kufunsa asanasaine, ngongoleyo ikuwerengedwa bwanji ndipo mtengo wa fodya udzatsatira ciani.

Boma liyenera kubwereka ndalama poyera, aphungu akudziwa ndi anthu akumva. Ngongole ya mseu kapena ya ngalande zothirira imabweza yokha, cifukwa imaonjezera zokolola. Ngongole yobisika inagwetsa metikali ndi kukweza mtengo wa sopo m'mudzi umene sunaonepo ngakhale boti limodzi la Ematum.

Kwa inu ophunzira ndikuti musapeputse masamu a kucurukitsa ndi kugawa. Mwana amene amatha kusintha kwacha kukhala metikali, kuwerenga sikelo ndi kupeza 30 pa 100 ya ndalama, ameneyo akhoza kuima pambali pa bambo ake kapena mai ake pa tsiku logulitsa, ndipo banjalo silidzaberedwa. Kwa inu makolo ndikuti mukadzamvanso pa wailesi kuti metikali yagwa ndipo ndi mwai wa alimi, mufunse mtengo wa thumba la feteleza tsiku lomwelo, ndi kuona ngati wogula pa sikelo wakweza mtengo wake mofanana.

Mafunso okambirana

1. Chulani zinthu zisanu za m'nyumba mwanu zimene zinapangidwa kunja kwa Mozambiki.
2. Njinga ikugulidwa madola 60. Idzakhala metikali zingati dola ili pa 45? Nanga dola ili pa 75?
3. Cifukwa ciani mbatata ya ku Angonia imavutika kupikisana ndi ya ku South Africa pa msika wa ku Maputo?
4. Funsani agogo anu mmene ankagulira mcere ndi sopo caka ca 1987 cisanafike, ndipo mudzafotokozere anzanu m'kalasi.